Foni ilibe manja, odwala sitiroko akudikira athu

Achinyamata anzathu m'makalabu onse, ambiri a ife tikamva za sitiroko timaganiza kuti ndi matenda a agogo kapena a mabwana onenepa a m'tauni. Kumudzi ena amati munthu akapindika kamwa n'kufa ziwalo mbali imodzi ndiye kuti afiti amumenya hamala. Zonsezi si zoona. Sitiroko imabwera mtsempha wa magazi wa mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika, ndipo imagwira ndi achinyamata omwe.

Nanga nkhaniyi ikufunanji m'tsamba la HIV ndi Edzi? Kafukufuku amene anachitika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anapeza kuti kuthamanga kwa magazi ndiye gwero lalikulu la sitiroko, koma pakati pa anthu a zaka 45 kutsika m'munsi, kachirombo ka HIV ndi komwe kanali patsogolo. Chiopsezo chinali chachikulu m'miyezi 6 yoyamba munthu atangoyamba ma ARV, makamaka kwa amene anachedwa mpaka chitetezo cha m'thupi chitatsika kwambiri. Apa pasakhale kumvana molakwika: yankho si kuthawa mankhwala ayi, koma kuyezetsa magazi msanga, kuyamba ma ARV thupi likadali ndi mphamvu ndi kumwa mokhulupirika.

Munthu akatuluka m'chipatala ntchito imakhala itangoyamba kumene. Amafunika mafizo tsiku ndi tsiku kuti mkono ndi mwendo ziphunzirenso ntchito, ndipo miyezi yoyambirira ndi imene thupi limabwerera msanga. Nthawi imeneyi ikatayika pamphasa, mfundo zimauma, mabala amabuka kumsana, mtima umagwa. Izi tinaziona bwino pamene mliri wa COVID-19 unafika m'dziko muno mu Epulo 2020. Anthu ankaopa kupita ku chipatala, maminibasi anachepetsa okwera, mtengo n'kukwera. Omwa ma ARV ambiri ankalandira mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi kuti asamayendeyende, ndipo zinathandiza. Koma mafizo sangaikidwe m'botolo kuti munthu apite nawo kunyumba.

N'chifukwa chake m'maiko ambiri madokotala anayamba kutsatira odwala awo pa foni ndi pa vidiyo. Kuno kwathu nzeruyi si yachilendo, poti Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011. Ife tikuti njira imeneyi ndi yabwino ndipo isathe ndi mliri. Ogwira ntchito ya mafizo ndi ochepa, malo ngati Kachere ku Blantyre sangafikire aliyense, ndipo mliri wina udzabwera ndithu, monga kolera anatikumbutsira mu 2022 ndi 2023.

Komatu foni ilibe manja. Dokotala angafotokoze bwino lomwe mmene tingapindire bondo la wodwala, koma wogwira bondolo ayenera kukhalapo. Wodwala amene lilime lake lalemera sangathe kuyankha foni. Mayi wachikulire amene akumusamalira mwina sadziwa kutsegula vidiyo pa WhatsApp, mwinanso alibe ndi mayunitsi omwe. Amene timadziwa pamene netiweki imagwira bwino m'mudzi, kaya ndi pachulu kaya pansi pa mtengo wa mango, ndife achinyamata. Makolo athu anayenda khomo ndi khomo kusamalira odwala Edzi ma ARV asanafale. Ife tikanika bwanji, chonsecho tili ndi foni m'thumba?

Kalabu iliyonse ikambirane ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake kuti idziwe mabanja amene angafune thandizo, ndipo anthu awiri aziyendera banja limodzi pa masiku odziwika. Ntchito yathu ndi kulumikiza banjalo ndi a chipatala, kumvetsera malangizo pamodzi ndi osamalira wodwala, ndi kubwereza zomwe tauzidwazo, osati kupeka zathu. Zina ndi zosavuta: amene sangathe kudzitembenuza atembenuzidwe pa maola awiri aliwonse, asakokedwe ndi mkono wofookawo poti phewa limaguluka, adye atakhala tsonga, ndipo akamatsamwa pomeza a chipatala adziwe tsiku lomwelo. Tizikumbutsanso za mankhwala a BP ndi ma ARV, pakuti dzanja lofooka limalephera ngakhale kutsegula botolo. Kukakhala mliri, tisambe m'manja, tivale masiki, ndipo amene akutsokomola akhale kaye kunyumba.

Pali chenjezo limodzi lomwe ife a m'makalabu a Edzi tiyenera kulimva kuposa wina aliyense. Chinsinsi cha wodwala ndi chake. Tisamujambule asanavomere, ndipo vidiyo yopita kwa dokotala isapezeke pa gulu la WhatsApp la kalabu, ngakhale titati tikufuna kupempha thandizo. Si aliyense wodwala sitiroko amene ali ndi HIV, ndipo si udindo wathu kulengeza za amene ali nako.

Pomaliza, pali nthawi imene foni siyenera kutichedwetsa. Tikaona kamwa yapindika mwadzidzidzi, mkono walefuka, kapena mawu sakumveka, tisadikire kuti kuche ndipo tisayambire kwa sing'anga. Tipeze kabaza, ngolo kapena galimoto, wodwalayo afike ku chipatala nthawi yomweyo, mliri ulipo kapena palibe.