Nkhonya za mendulo n'zina, za ndalama n'zina

Loweruka lapitali, m'kanyumba ka vidiyo kuseri kwa msika wa pa Milange, mwini wake anatiikira nkhonya zakale za mu 2013, Guillermo Rigondeaux wa ku Cuba akuswana ndi Nonito Donaire wa ku Philippines. Pofika raundi yachisanu, anyamata a kabaza anali atayamba kuyasamula. Wina anakuwa, "Achimwene, tibwezereni ndalama zathu, uyu akungovina!" Mkulu wina waimvi amene anali pambali panga, mmodzi mwa ana aja anatumizidwa kukaphunzira ku Cuba nthawi ya Samora, anangopukusa mutu. "Ana inu simukuona. Tawerengani zibakera zimene zamupeza."

Ndinaziwerenga, ndipo zinali zowerengekadi. Rigondeaux amaponya lamanzere, n'kupendeketsa mutu pang'ono, chibakera cha Donaire n'kumenya mphepo. Anagwa kamodzi m'raundi ya 10, koma anadzuka n'kupambana pa mapointi. Apa n'kuti akumenya kachi 12 chabe chilowereni nkhonya za ndalama. Komabe mnyamata wa kabaza uja sanalakwe kwenikweni, pakuti ku New York kumene nkhonyazo zinachitikira, anthu amene analipira pakhomo anamuwowoza Rigondeaux.

Vuto la a ku Cuba lagona pamenepo. Dziko lawo linaletsa nkhonya za ndalama mu 1962, ndipo linadzatsegula chitseko mu 2022. Zaka 60 zonsezo mwana amaphunzitsidwa chinthu chimodzi: khudza mnzako, iwe usakhudzidwe. Nkhonya za mendulo ndi maraundi atatu a mphindi zitatuzitatu. Kuyambira 1992 mpaka 2012 majaji a ku Olympics amangodina batani akaona chibakera choyera chafika, ndiye chopepuka ndi cholemera mtengo wake umakhala umodzi. Cha m'nthiti nthawi zambiri sichimaoneka n'komwe. Nanga ungavutikirenji kuima pafupi ndi munthu, kumufoola pang'onopang'ono ngati ukugwetsa mtengo ndi nkhwangwa, pamene ukhoza kumukodola pamphumi n'kuthawa? Teófilo Stevenson anatenga golide katatu, 1972, 1976 ndi 1980, ndipo anakana ndalama zankhaninkhani zoti akakumane ndi Muhammad Ali. Félix Savón nayenso katatu. Palibe angatsutse luso limeneli.

Koma m'nkhonya za ndalama maraundi amafika 12, magolovesi ndi aang'ono, mnzako amakukanikiza pazingwe, kukutsamira ndi phewa, kukupera m'mimba mpaka miyendo italema. Ndiponso uyenera kugulitsa matikiti. Robeisy Ramírez, wa golide wa 2012 ndi 2016, anaziona mu 2019. Mpikisano wake woyamba weniweni, wa maraundi anayi okha, anagwetsedwa m'raundi yoyamba ndi Adan Gonzales, munthu amene dzina lake silimadziwika ndi aliyense, n'kugonja. Anafunika kuphunziranso kuponda pansi ndi mapazi onse asanatulutse chibakera, ndipo lamba wa WBO anadzamutenga mu 2023 atagonjetsa Isaac Dogboe wa ku Ghana. Yuriorkis Gamboa yekha anapita kwina: anataya kusamala konse, n'kumamenya manja ali m'munsi kuti anthu akondwe. Terence Crawford anamuonetsa zakuda mu 2014.

Ine chimene ndimaona kuti chimawapweteka kwambiri ndi zaka. Rigondeaux anathawa kwawo n'kuyamba za ndalama mu 2009 ali ndi zaka 28, thupi litazolowera kale njira imodzi. Dongo likauma suliumbanso.

Tsono tayang'anani kuno kwathu, kumene zinthu zili chadodolido. Ku Zambézia kuno ndi tsidya la Muloza, mnyamata akangogwetsa anzake awiri, anthu amayamba kumunong'oneza za ndalama. Alibe miyendo, sadziwa kubisa chibwano, chitetezo chake ndi mutu wouma basi. Ndinaonapo wina akukwezedwa mu ringi ndi nsapato zobwereka, mlongo wake atagwira botolo la madzi pakona chifukwa mphunzitsi kunalibe. Raundi yachiwiri sinathe. Anthu amakonda kutchula Isaac Chilemba wa ku Blantyre, amene anayamba za ndalama ku South Africa mu 2005 alibe mendulo ya Olympics, n'kudzapirira maraundi 12 ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016. Zoona. Koma amaiwala kuti chimene chinamusunga Chilemba zaka zonsezo n'chomwecho anyamata a kabaza amachitcha kuvina: kuzemba, kuwerenga mnzako, kusapereka mutu mwaulere. Anachiphunzira m'majimu a ku Johannesburg, osati pamsika.

Mukandifunsa kuti pa matenda awiriwa ndisankhe ati, ndisankha a ku Cuba. Wodziwa kuzemba ungamuphunzitse kumenya m'nthiti chaka chimodzi. Wozolowera kumenyedwa umangomuwerengera masiku.

Mozambique ili ndi mbewu yabwino tsopano. Mu 2022 Alcinda Panguana anatenga siliva pa mpikisano wa dziko lonse ku Istanbul, Rady Gramane n'kutenga buronzi, ndipo chaka chomwecho Tiago Muxanga anabwera ndi siliva kuchokera ku Commonwealth Games ku Birmingham. Awa maziko ali nawo. Chowaopsa si kufulumira ayi, koma kusungidwa m'timu ya dziko mpaka miyendo itatha, ngati mmene Havana inkachitira ndi ana ake.

Titatuluka m'kanyumba kaja, mkulu waimvi anaima pafumbi n'kumuuza mnyamata wa kabaza kuti amuponyere chibakera. Mnyamatayo anachita manyazi, kenako anaponya. Mkuluyo anangosuntha phazi limodzi, mnyamata n'kukagwira mpanda wa bango.