Mwaseka Chichewa cha Ejiofor, koma njala ija simunaione

Sabata yatha mphwanga anandipatsa foni yake nati, "Malume, taonani izi, museka mpaka nthiti ziwawe." Inali kanema wa mphindi zochepa, wa mnyamata wina amene wadula zidutswa za filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, n'kumabwereza mawu alionse amene Chiwetel Ejiofor wapotoza lilime poyankhula Chichewa. Ndinaseka, sindikana. Koma nditafunsa mphwangayo kuti filimuyo ikukamba za chiyani, yankho linali lakuti ndi ya mwana wopanga makina a mphepo. Basi. Filimu yonse sanaionere, ndipo ndikukayika ngati wodula zidutswa uja anafika nayo kumapeto.

Tisanamizanepo apa. Chichewa cha mufilimuyi n'chopunduka ndithu. Ejiofor anabadwira ku London, makolo ake ndi a ku Nigeria. Maxwell Simba, amene akusewera ngati William Kamkwamba, ndi wa ku Kenya. Pakamwa pomwe pakutuluka Chichewa chakwathu ndi pa anthu ngati Lily Banda. Funso loti n'chifukwa chiyani mbali zikuluzikulu sizinapatsidwe kwa Amalawi n'lomveka, ndipo ine ndimalifunsanso. Koma kuyambira 2019, pomwe filimuyi inatuluka pa Netflix, akatswiri athu a pa intaneti angokakamira pa katchulidwe ngati nkhupakupa pakhutu la galu.

Anzawo a kunja nawo ali ndi matenda awoawo. Kwa iwo nkhani ndi yokoma: kamnyamata kosauka ka ku Africa kawerenga buku, kapulumutsa mudzi. Amatamanda "chilankhulo chenicheni" chomwe iwo sangasiyanitse ndi Chiswahili. Ochepa amatchula kuti makina oyamba a Kamkwamba ankayatsa mababu ndi wailesi pakhomo pa makolo ake ku Wimbe, ndipo zopopa madzi zinadza pambuyo pake. Filimu inasakaniza ziwirizi kuti mathero akome. Apa ndiye panali poyenera kutsutsana, koma ayi.

Chimene chikundipweteka ine ndi china. Amene tinalipo mu 2001 ndi 2002 tikudziwa chimene filimuyi yaika poyera. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa, zokolola zinachepa, mitengo inakwera koopsa, ndipo boma linadzalengeza za ngozi ya njala mu February 2002 anthu atayamba kale kufa. Tinadya gaga. Ena anakumba zitsa za nthochi. Ndimakumbukira amayi akugona pamzere wa chimanga n'kubwerera ndi thumba lopinda kukhwapa. Zonsezi zilimo mufilimu: khamu likuphwanyana pogula chimanga, banja likudya kamodzi patsiku, mwana akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, mfumu ikumenyedwa chifukwa yanena za njala pamsonkhano wa pulezidenti. Mfumu kumenyedwa! Ndi filimu ingati zimene zaonetsapo dziko lonse zimenezi za ife? Koma mu tizidutswa ta pafoni gawo limeneli mulibe, poti silisekesa ndipo silibweretsa oonera.

Ena adzati ndakalamba, sindidziwa nthabwala. Iai, abale. Ine ndakhalapo pa benchi m'nyumba zoonetsera vidiyo m'tauni, kumvera anyamata akumasulira mafilimu a karate m'Chichewa, n'kuseka mpaka misozi. Koma anyamata ajawo amaonera filimu yonse, amaidziwa mutu ndi mchira. Awa a lero amaonera kanema wa mnzawo wokamba za filimu, iwo n'kupanganso wawo wokamba za kanemayo. Nkhani yongomva kwa womva.

Ndiye poti akuti vuto ndi alendo kutilanda nkhani zathu, ndiwafunse: Shemu Joyah anatulutsa Seasons of a Life mu 2008, The Last Fishing Boat mu 2012, ndi The Road to Sunrise mu 2017. Osewera ndi akwathu, malo ndi akwathu. Mwa inu oseka Ejiofor, ndi angati munakhala pansi n'kuunika imodzi yokha mwa zitatuzi?

Mphwanga uja ndamuuza kuti Loweruka abwere kwathu, foni aisiye m'thumba. Tionera limodzi filimu yonse, ndipo ikafika pamzere wa chimanga uja ndidzaimitsa, ndimuuze kumene agogo ake anali chaka chimenecho.