Tisanamizire moto ndi namondwe, mahatchi akufa ndi chidodo cha anthu

Pa 7 Disembala 2017, moto wolusa wotchedwa Lilac unafika pamalo ophunzitsira mahatchi a mpikisano a San Luis Rey Downs, kufupi ndi San Diego ku California. Pamalopo panali mahatchi oposa 400. Mphepo youma ya Santa Ana inamwaza makala amoto pamadenga a makola, ndipo anyamata osamalira ziwetozo analowa mu utsi n'kumatsekula zitseko kuti zithawe zokha. Mahatchi 46 anafa. Masiku awiri m'mbuyomo, ku Sylmar m'mphepete mwa Los Angeles, mahatchi 29 anali atapsera m'khola lina. Opulumutsa nyama atafika anapeza zipinda zina zili zokhoma ndi maloko, moti anachita kuwathyola moto uli lawilawi.

Zikachitika zoterezi anthu amapukusa mitu n'kumati ndi ngozi yogwa mwadzidzidzi. Ine ndikukana. Ku California moto umabwera chaka ndi chaka. Ku Florida ndi Louisiana nyengo ya anamondwe imadziwika: imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala. Chinthu chimene chili pakalendala sichingakhale chadzidzidzi. Munthu amene watsekera chiweto m'khola walanda miyendo yake, choncho udindo wochithawitsa wautenga yekha. Walira mvula walira matope.

Hatchi ikaona moto siganiza ngati munthu. Kwa iyo, malo otetezeka ndi chipinda chimene imadyeramo tsiku ndi tsiku. Mukaitulutsa m'khola loyaka n'kuisiya pabwalo, imatha kutembenuka n'kubwereranso m'malawi momwemo. N'chifukwa chake odziwa amati ukaitulutsa, tseka chitseko kumbuyo kwako ndipo uipititse kumpanda wakutali. Amatinso chingwe cha kumutu chikhale chachikopa, chifukwa cha nailoni chimasungunukira pakhungu. Izi sizofunika ndalama zambiri. Chofunika ndi kuziyeserera tsiku limene kunja kuli bata, pamodzi ndi wantchito aliyense, ngakhale mlonda wausiku.

Komanso moto wambiri wa m'makola suchokera kutchire ayi, umabadwira m'kati momwemo. Udzu wa ziweto ukaunjikidwa usanaumitsitse umatentha wokha mpaka kuyaka. Mawaya amagetsi odyedwa ndi makoswe, mafani ndi mahita osiyidwa usiku wonse, fumbi ndi ukonde wa akangaude padenga, zonsezi n'zimene mwini khola amaziona ndi maso ake m'mawa uliwonse. Nanga n'chifukwa chiyani anthu akusungabe udzu wa chaka chonse pamwamba pa mitu ya mahatchi?

Namondwe ali ndi malamulo ake. Namondwe wa Andrew atawomba kumwera kwa Florida mu 1992, anthu anaphunzira mowawa kuti khola losalimba ndi msampha: denga limagwera ziweto zimene zilibe kothawira. Nthawi zambiri busa lalikulu la pamtunda, lopanda mawaya amagetsi, waya waminga kapena malata otayirira, limateteza kuposa khola. Koma njira yabwino koposa ndi kusamuka msanga, masiku awiri kapena atatu mphepo isanafike, misewu isanadzaze. Ngolo yonyamula mahatchi siyenda bwino pamphepo yamphamvu, ndipo hatchi imene sinakwerepo ngolo singaphunzire kukwera tsiku limene mwini wake akunjenjemera. Otsalira ayenera kusunga madzi a sabata yathunthu, poti magetsi akazima mapampu amaima, pomwe hatchi imodzi imamwa malita 20 mpaka 40 patsiku.

Eni mahatchi ali ndi zoyankha, ndipo sizachabe. Amati loko ndi woteteza kwa akuba. Amati kusamutsa ziweto kumadya ndalama, ndiponso namondwe amatha kukhota n'kupita kwina, iwe utawononga mafuta. Zoonadi. Koma hatchi yobedwa itha kupezeka, yopsa sibwerera. Khomani geti lakunja, ikani makamera, lembani mlonda, koma chipinda chimene muli chamoyo chisakhale ndi loko amene kiyi wake ali m'thumba la munthu amene ali kutauni. Ndipo ulendo wopita pachabe ndi mtengo wochepa poyerekeza ndi kukumba dzenje lokwirira chiweto chimene unachilera.

Umboni woti kukonzeka kumathandiza ulipo. Boma la Louisiana linalamula kalekale kuti hatchi iliyonse ikhale ndi chizindikiro chosafufutika, monga kachipangizo koikidwa pansi pa khungu. Namondwe wa Katrina atasakaza mu 2005, mahatchi mazana anasungidwa ku Lamar-Dixon Expo Center m'tauni ya Gonzales, ndipo pafupifupi onse anabwerera kwa eni ake. Mu 2022, namondwe wa Ian akubwera, World Equestrian Center ku Ocala inatsekula makola ake n'kulandira mahatchi masauzande. Amene mahatchi awo alibe kachipangizoko amalemba nambala ya foni pathupi la hatchi ndi penti yolembera ziweto, kapena kumangirira kachikwangwani kumanyenje ake. Ntchito ya mphindi zochepa basi.

Boma la America nalonso lisadzichotse. Katrina anaonetsa kuti anthu amakana kusamuka posafuna kusiya ziweto zawo, ndipo mu 2006 bomalo linakhazikitsa lamulo la PETS Act loti mapulani a ngozi aziganizira nyama. Koma lamuloli likukhudza ziweto zam'nyumba monga agalu ndi amphaka, mahatchi anasiyidwa panja. Ndondomeko yotetezera makola ku moto, ya NFPA 150, ilipo, koma imagwira ntchito kokha kumene akuluakulu a dera aivomereza. Zotsatira zake n'zakuti moyo wa ziweto ukudalira kulimba mtima kwa anyamata olandira malipiro ochepa ndi anthu ongodzipereka obwera ndi ngolo zawo, monga zinachitikiranso mu Januwale 2025 pamene moto wa Eaton ndi Palisades unadzaza Los Angeles Equestrian Center ndi mahatchi othawa.

Ife kuno mahatchi ndi ochepa, koma namondwe wa Freddy mu 2023 anakokolola mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe zambiri m'chigawo chakumwera, motero funso loti chiweto chithawira kuti si lachilendo kwa ife.

Maganizo anga ndi awa: aliyense wosunga mahatchi a anthu ena pofuna phindu asapatsidwe chiphaso popanda pulani yolembedwa, yosonyeza wotsekula zitseko, ngolo zonyamulira, njira ziwiri zotulukira ndi malo kokafikira. Ozimitsa moto aziyendera makola amenewa chaka chilichonse, ndipo wopezeka atakhoma chipinda cha hatchi ndi loko azilipitsidwa chindapusa pompo, moto usanabuke.