Musalire Kaseti, Pulumutsani Mau Ali M'kati Mwake

Anzanga acinyamata, pali matenda amene afala masiku ano, ndipo ena a inu akugwirani kale. Matenda ake ndi kulira kaseti. Akulu amene anakula m'zaka za m'ma 1980 akakhala pansi amausa moyo nati nyimbo zinali kukoma pa tepu, za lero ndi phokoso cabe. Acicepere amene sanagwirepo kaseti m'manja avala masikipa ojambulapo kaseti. Ku Britain anthu anayambanso kuwagula, kotero kuti mu 2022 makaseti pafupi-fupi 195,000 anagulitsidwa kumeneko. Koma pamene tonse tikutamanda kaseti ndi pakamwa, makaseti enieni a makolo athu akuola m'makatoni kunsi kwa bedi. Ine nditi cikondi cotere ndi cinyengo, ndipo tikapitiriza naco tidzataya cuma cimene sitidzacipezanso.

Kodi kaseti inali ciani?

Tiyambe ndi kudziwa cinthu cimene tikulira. Kampani ya Philips ya ku Netherlands ndiyo inaonetsa kaseti koyamba mu 1963 mu mzinda wa Berlin. Amene anatsogolera nchitoyo anali Lou Ottens, ndipo colinga cake cinali kucepetsa makina akulu a tepu yozungulira pa mawilo awiri kuti tepu ilowe m'thumba la jekete. M'kati mwa kaseti muli kalamba ka pulasitiki, kopingasa mamilimita osakwana 4, kopakidwa fumbi la citsulo longa dzimbiri. Pojambula, mutu wa makina umakonza fumbilo ndi mphamvu ya maginito monga mwa mau amene akulowa. Poliza, mutuwo umawerenga zimene zinalembedwa. Kaseti ya C60 inali kutenga mphindi 30 mbali imodzi, ya C90 mphindi 45. Mu 1979 kampani ya Sony inatulutsa Walkman, ndipo munthu anayamba kuyenda ndi nyimbo m'makutu.

Tsono imvani ici. Lou Ottens yemweyo sanakhale pansi kulira kaseti yake. Anathandizanso kupanga CD imene inatuluka mu 1982 ndi kudzalanda malo a kaseti. Anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 94. Ngati mwini wake anapita patsogolo, kodi ife tikukakamira ciani?

Zimene olira kaseti amaiwala

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene akuti mau a kaseti anali abwino koposa afunseni za kusosola kuja kumene kunali kumveka nyimbo isanayambe. Tepu ya kaseti inali kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi, pamene matepu a m'nyumba zojambulira nyimbo anali kuyenda masentimita 38. Tepu yaing'ono yoyenda pang'onopang'ono singasunge mau onse, ndiye cifukwa cake kampani ya Dolby inacita kupanga njira yocepetsera phokosolo. Afunseni za wailesi imene inali kutafuna tepu pakati pa ukwati, munthu nayamba kuibweza ndi bolopeni ya Bic anthu akumuyang'ana. Afunseni za mabatire. Akayamba kutha, woimba anali kukoka mau ngati munthu woledzera, ndipo m'midzi anthu anali kuwayanika pa dzuwa kuti mwina angalizeko nyimbo ina imodzi.

Pali cinanso coipa koposa izi. Wailesi ya zitseko ziwiri inapangitsa kuti aliyense athe kukopa nyimbo za mwini popanda kulipira. Makaseti akuba anadzaza m'misika ya m'matauni athu, ochipa, a mau ozilala, pakuti kaseti yokopedwa kucokera ku inzake imataya ubwino nthawi iriyonse. Wogulitsa anapeza ndalama, womvera anavina, koma woimba anagona ndi njala. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo lochinjiriza eni nyimbo mu 1994, pamene oimba ambiri anali atavutika kale. Munthu amene akuti masiku a kaseti anali okoma kwa onse, sanafunse mabanja a oimba a kalindula.

Ubwino wake weniweni

Musaganize kuti ndikunyoza kaseti. Inacita cinthu cacikulu cimene mbale za galamafoni sizinathe kucita. Kuti nyimbo ikhale pa mbale, woimba anali kufunika kampani monga Teal ya ku Ndola, ndi ndalama, ndi mwai. Kaseti inaika mphamvu yojambula m'manja mwa munthu wamba. Kwaya ya kumudzi imene sinaonepo khomo la situdiyo inaika wailesi pa benchi, wina nasindikiza mabatani awiri, nyimbo nizisungika. Anthu anajambula maukwati, maliro, misonkhano ya cigawo, ng'oma za vimbuza ndi nyimbo za cinamwali. Ena amene sanali kudziwa kulemba anali kulankhula m'kaseti ndi kuitumiza kwa mwana wao wa ku migodi m'malo mwa kalata.

Apa ndipo pagona nkhani. Ubwino wa kaseti unali mwa anthu amene mau ao analowamo. Cikho ndi cikho, cimene timafuna ndi madzi. Nyimbo za P.K. Chishala, amene anamwalira mu 1995, kapena za Paul Ngozi, amene anamwalira mu 1989, mukhoza kuzipeza kwina cifukwa iwo anali ochuka. Nanga mau a agogo anu aakazi akutsogolera nyimbo mu 1988 mudzawapeza kuti? Kaseti ija iri m'katoni ndiyo yokha pa dziko lonse lapansi. Ikaonongeka, mau aja apita nayo kumanda kaciwiri.

Nthawi sili kumbali yathu

Tepu siikhala muyaya. Guluu amene amagwira fumbi la citsulo pa pulasitiki amafooka ndi cinyezi, nkhungu imamera m'nyengo ya mvula, ndipo kutentha kwa mwezi wa October kunsi kwa malata kumapinda kaseti. Kansalu kaubweya kamene kamakankhira tepu ku mutu wa makina kamagwa. Coopsa koposa ndi cakuti makina olizira akutha. Sony inasiya kupanga Walkman ya makaseti ku Japan mu 2010, malamba a mphira m'mawailesi akale asungunuka, ndipo amisiri odziwa kuwakonza akukalamba. Mu 2019 bungwe la UNESCO pamodzi ndi gulu la osunga mau la IASA linacenjeza dziko lonse kuti zipangizo zokonzera makina a tepu zidzasowa ca m'ma 2025. Caka cimeneco cafika kale. Madzi akataika saoleka.

Ndipo tikhale ndi manyazi pang'ono. M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey anayenda m'dziko muno ndi makina a tepu kujambula nyimbo za makolo athu, ndipo lero zasungidwa ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Nyimbo za magulu a WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family zinatulutsidwanso ndi kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, acinyamata a ku Ulaya ndi ku America nayamba kuvina Zamrock pamene ambiri a ife tinali titaiwala. Tiwathokoze alendowo. Koma kodi tidzayembekeza mlendo nthawi zonse kuti adzatisungire mau a amai athu? Mlendo sadzabwera kudzafuna kaseti ya kwaya ya kwanu ku Petauke kapena ku Chadiza. Nchito imeneyo ndi yanu.

Wina adzati, zonse ziri pa intaneti tsopano, tivutikiranji? Pa intaneti pali zokhazo zimene munthu wina anaikapo. Zimene ziri kunsi kwa bedi la atate anu palibe wina adzaziika koma inu. Winanso adzati, mau ake ndi oipa, akusosola. Ndi zoona. Koma mwana amene sanaonepo agogo ake sadzadandaula za kusosola pa tsiku limene adzamva mau ao koyamba.

Cocita ndi ici

Mutu umodzi susenza denga, cotero nchito iyi ikhale ya gulu lanu lonse. Yambani ndi kupempha makolo, akulu a mpingo ndi oimba akale a kwaya kuti akubwerekeni makaseti amene anajambula okha. Muyambe ndi amenewo, a oimba ochuka abwere pambuyo. Kaseti iriyonse ikafika, thyolani tizitseko tiwiri ta pamwamba pake kuti wina asajambulepo mwangozi. Muiike coimirira m'bokosi lake, pamalo ouma ndi ozizira, kutali ndi dzuwa ndiponso kutali ndi masipika, pakuti maginito a sipika amafafaniza mau. Kaseti imene yamera nkhungu muiike payokha, musailize pamodzi ndi zinzake.

Funani wailesi imodzi yabwino, mupite nayo kwa mmisiri asinthe malamba. Pukutani mutu wake ndi kawilo ka mphira ndi thonje lonyowetsa mu sipiriti, mudikire ziume. Muyese coyamba ndi kaseti yopanda nchito kuti muone ngati siitafuna. Kenaka lumikizani wailesi ku kompyuta ndi nthambo yocokera pa kabowo ka mahedifoni. Pulogalamu ya Audacity ndi yaulere ndipo ikwanira. Sungani mau monga WAV, cifukwa MP3 imataya mbali ina ya mau, ndipo muwasunge m'malo awiri kapena atatu osiyana. Foni imodzi si nkhokwe, imabedwa ndipo imagwa m'madzi. Kasetiyo muibweze kwa mwini wake, musaitaye.

Cofunika koposa ndi kulemba. Khalani pansi ndi mwini kaseti, mumvere pamodzi, mumufunse kuti akuimba ndani, kunali kuti, caka citi, pa mwambo wanji. Mau opanda dzina ali ngati cithunzi ca munthu amene palibe akumudziwa. Ndipo mupemphe cilolezo musanatumize kwa ena, makamaka nyimbo za miyambo imene eni ake safuna kuti imveke pagulu.

Mudzaona kuti pocita izi mudzapeza cija cimene akulu akulira osacidziwa. Iwo sakulira pulasitiki ai. Akulira masiku amene banja lonse linali kuzungulira wailesi imodzi, kumvera nyimbo kuyambira poyamba mpaka potsiriza, popanda wina kuthawira pakona ndi zomvera zake m'makutu. Cimeneco sicifuna Philips kapena Sony kuti cibwerere. Cifuna mphasa, akulu, ndi acinyamata odziwa kukhala cete.

Mau a akulu akoma akagonera, koma amene ali pa tepu akagonera kwambiri amafafanizika. Pa msonkhano wanu wotsatira sankhani anthu atatu oyang'anira nchitoyi, ndipo Loweruka likubwerali mukatulutse makatoni aja kunsi kwa bedi.