Foni M'manja mwa Mwana: Udindo wa Mphunzitsi

Amene wayenda pa msika wa Chitakale kapena wa Limbuli m'boma la Mulanje waona chinthu chimene makolo akale sadachilotepo: anyamata ndi atsikana atawerama pa foni za m'manja, ena akutumizirana mafunso a mayeso pa WhatsApp, ena akujambula nyimbo ndi nthabwala zoti aike pa Facebook. Aphunzitsi ambiri amayesa foni mdani wa sukulu, ndipo akaipeza m'kalasi amailanda. Kulanda nkwapafupi, koma sikutha mlandu.

Boma lidaona kale kumene zinthu zikulowera. M'chaka cha 2013 ana a pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe adayamba kuphunzira masamu m'Chichewa pa matabuleti. M'chaka cha 2020, sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha COVID-19, mwana amene kwao kudalibe wailesi kapena foni adatha miyezi osamva mawu a mphunzitsi. Ndipo m'chaka cha 2023 Unduna wa Maphunziro udayamba ndondomeko ya BEFIT, yofuna kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za Boma, za ku Mulanje zomwe, aphunzire kuwerenga ndi kuwerengera pa matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa.

Komatu chida sichipatsa munthu nzeru. Mwana wodziwa kuwerenga adzawerenga choonadi ndi mabodza omwe, ndipo akapanda womulangiza adzafalitsa mabodzawo. Lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa intaneti limaletsa kuopseza ndi kuzunza ena pa makinawa. Wophunzira wosalidziwa angagwe m'mlandu chifukwa cha mawu amene adawayesa chibwana. Nkoyenera tsono kuti aphunzitsi azolowetse ana kufunsa asanatumize uthenga: wanena ndani, adaziona yekha kodi, nanga zipweteka yani?

Udindo wachiwiri ndi kupatsa ana cholemba chao. Ku Chonde kuli likulu la Mulhako wa Alhomwe, koma achinyamata ambiri a m'bomali sayankhula Chilomwe. M'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO lidaika Phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi chifukwa cha miyambo ya anthu okhala m'tsinde mwake. Miyamboyo ili m'mitima ya agogo amene akutha chaka ndi chaka. Mphunzitsi wotuma ophunzira kukajambula ndi foni nthano za Sapitwa, gule wa tchopa ndi mawu a Chilomwe, kenaka nkuzilemba bwino m'kalasi, waphunzitsa chilankhulo, mbiri ndi ulemu pa nthawi imodzi.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Alangizi a sukulu ndi aphunzitsi aakulu a ku Mulanje achite upo ndi makolo, aike nthawi ndi malamulo ogwirira foni, kuti mwana asangomeza za eni, koma akhale nacho chonena cha kwao.