Phokoso la Injini ndi Mnansi wa Mwini Galimoto

M'dera la Mfumu Mkhumba, monganso m'madera ena a boma la Phalombe, munthu akasonkhanitsa ndalama za nandolo, za mpendadzuwa kapena za penshoni, kawirikawiri maganizo ake amafika pa galimoto. Popeza yatsopano njosafikirika, iye amagula yakale: Peugeot 504, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1968, Land Rover ya m'zaka za m'ma 1970, kapena pikapu ya Nissan 1400 imene inkapangidwa ku South Africa kufikira mu 2008. Galimoto zoterezi nzolimba ndipo sizivuta kukonza, komabe wozigula amagula pamodzi ndi ukalamba wake. Pasanathe sabata injini imayamba kugogoda, ndipo pamalo pamene galimoto inagona usiku pamaoneka madontho akuda.

Apa ndi pamene ambiri amasokera. Chimene amafuna msanga nchakuti phokoso lileke ndipo madontho asaoneke, motero amathira oyilo wokhuthala m'injini, dzira kapena ufa mu radiyeta, ndipo ndalama zotsala amagulira penti. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Phokoso ndi madontho ndiyo njira yokha imene injini ili nayo yonenera pamene pakupweteka, ndipo woitseka pakamwa asanamve chimene ikunena amadzitayitsa yekha chuma. Choyenera kuyambira ndicho kufufuza gwero la vuto.

Ntchito yoyamba siifuna sipanala ngakhale imodzi. Madzulo mwini galimoto ayale katoni yoyera pansi pake, ndipo m'mawa aone mtundu wa madontho, fungo lake ndi malo amene agwera. Akuda ndi oterera, ogwera kutsogolo, ndi oyilo wa injini. Okhuthala ngati uchi, a fungo loipa, ogwera pakati kapena kumbuyo, ndi oyilo wa giyabokosi kapena wa difu. Madzi a dzimbiri kapena obiriwira achokera ku radiyeta, ku mapaipi ake kapena ku pampu ya madzi. Oopsa kuposa onse ndi madontho oyera kapena achikasu pang'ono opezeka kuseri kwa tayala, pakuti amenewo ndi mafuta a mabuleki. Galimoto yotero isachoke pakhomo kufikira itakonzedwa.

Nkofunika kukumbukira kuti mafuta amatsikira pansi, ndipo galimoto ikamayenda mphepo imawakankhira kumbuyo. Motero pamene dontho lagwera sipamene pali bowo. Injini itsukidwe, iume, kenaka ilizidwe kwa mphindi zingapo. Malo apamwamba koposa onse amene anyowa ndiwo gwero. Nthawi zambiri limapezeka kuti ndi gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba, kanthu kotsika mtengo, pamene mwini wake anali ataganiza kale zotsitsa injini yonse.

Petulo sasiya chizindikiro pa katoni chifukwa amauma msanga, ndipo chimene chimamugwira ndi mphuno. M'dziko lino nkhaniyi njofunika kwambiri. Kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanolo kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanolo, ndipo mu 2004 fakitale ina inayamba ntchito yomweyi ku Chikwawa. Ethanolo amawononga mapaipi a labala akale amene sanapangidwire mafuta otere, kufikira amayamba kuchucha. Petulo akamachuchira pa ekizozi yotentha, moto ungabuke, ndipo galimoto imene inatenga zaka kuti igulidwe ingathe m'kanthawi kochepa. Mapaipi amenewa ayenera kusinthidwa m'sabata yoyamba.

Atatha madontho, mwini galimoto atchere khutu. Injini ilizidwe m'mamawa ikadali yozizira, pakuti phokoso lina limabisala ikatentha; nchifukwa chake wogulitsa wochenjera amaitenthetseratu wogula asanafike. Sikuludiraiva yaitali igunditsidwe pa injini, chogwirira chake chikhale pa khutu, ndipo isunthidwe malo ndi malo kufikira phokoso litamveka kwambiri. Pochita zimenezi manja ndi zovala zitalikirane ndi fani ndi lamba wake.

Kaphokoso kopepuka, kangati ka makina osokera, kochokera pamwamba pa injini, kawirikawiri nka matapeti, ndipo makaniko amakathetsa posintha mpata wa mavalavu. Kulira kosongoka komveka poyamba ulendo ndi lamba wa fani amene wakhwepa. Phokoso longa timiyala m'chitini, lomveka galimoto ikamakwera chitunda italemedwa, limasonyeza kuti moto ukuyaka nthawi yake isanakwane, ndipo tayiming'i ndiyo iyenera kuonedwa. Koma kugogoda kolemera kochokera pansi, kokula pamene phazi laponda moto, makamaka ngati kanyale ka oyilo kakuphethira injini itatentha, ndi mabering'i amene atha. Kuti adziwe silinda yodwala, makaniko amachotsa waya wa pulagi imodzi imodzi, ndipo pamene kugogoda kwachepa ndi pomwepo. Woyendetsabe galimoto yotero akungodikira tsiku limene anthu adzanene kuti injini yanoka.

Ngakhale bata lenilenilo siliyenera kukhulupiriridwa nthawi zonse. Injini zambiri zakale zinapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, umene unkateteza malo okhala mavalavu. Maiko a mu Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara analeka petulo wotere pofika kumayambiriro kwa 2006. Pa injini zina zakale mavalavu amamira pang'onopang'ono, mpata wa matapeti nkutsekeka, ndipo injini imakhala phee ngati yachira, pamene valavu ili pafupi kupsa. Nchifukwa chake mpatawu uyenera kuyezedwa, osangouganizira ndi khutu lokha.

Mboni yotsiriza ndi utsi. Wobiriwira ngati mtambo umatanthauza kuti oyilo akupsa pamodzi ndi petulo, wakuda umatanthauza kuti kabureta ikupereka petulo wochuluka kapena sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi, monga zimachitikira m'misewu yopita ku nyanja ya Chilwa. Woyera wosatha ngakhale injini yatentha umasonyeza kuti madzi alowa m'masilinda. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka pa kachitsulo koyezera, gasiketi ya mutu wa injini yapsa.

Ena anganene kuti malangizo otere ngoyenera anthu olemera. Zipangizo zili kutali, ku Limbe kapena ku Ndirande. Nyengo ya nandolo siidikira munthu. Ndipo galimoto yoima siibweza ngongole. Mawu amenewa ali ndi nzeru yake, komabe akaunikidwa bwino amatsutsa eni ake omwe. Katoni, mphuno ndi khutu sizigulidwa. Wosauka ndiye amene sangakwanitse kupita ku Limbe kawiri chifukwa chogula chipangizo cholakwika. Oyilo wokhuthala amaphimba kugogoda kwa masabata owerengeka, koma m'kati chitsulo chikudyabe chinzake, ndipo ntchito imene ikanathera pa mabering'i okha imadzafuna injini ina. Dzira kapena ufa zimatseka bowo pamodzi ndi timapaipi ta radiyeta, injini nkutentha mpaka mutu wake kupindika. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kwa aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu, pano pali phunziro loposa la galimoto. Zonse zanenedwazi zili m'maphunziro a sayansi a ku sekondale. Mpata wa matapeti ulipo chifukwa chitsulo chimakula chikatentha. Sikuludiraiva imathandiza khutu chifukwa phokoso limayenda bwino m'chitsulo kuposa mu mpweya. Chivundikiro cha radiyeta sichitsegulidwa injini ili yotentha chifukwa madzi opanikizidwa amapitirira madigiri 100 asanawire, ndipo akapeza mpata amatumphuka ndi kuotcha munthu. Mphunzitsi amene angatengere ophunzira ake pa boneti ya galimoto yakale, kapena kuitana makaniko wa pa Migowi kuti adzafotokoze, adzakhala ataphunzitsa kuona, kuganiza ndi kuyesa, zimene bolodi lokha silingaphunzitse.

Mnyamata kapena mtsikana wofuna ntchito ya umakaniko, kaya adzaphunzira ku sukulu ya ntchito zamanja monga Nasawa ku Zomba, kaya pansi pa mtengo wa mango pa msika, adziwe kuti omasula mabawuti ngochuluka, koma onena matenda asanamasule ngochepa. Oterewa ndiwo amene eni galimoto amawafunafuna ndi kuwakhulupirira. Ndipo wogula galimoto yakale aipatse sabata imodzi yoimvetsera asanaisenzetse thumba loyamba la nandolo. Penti angathe kudikira mpaka chaka chamawa.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za mabuleki ndi matayala.