Lekani kunamizira hard disk, yang'anani kakhadi kotchipa kaja

Anyamata okonza makompyuta m'tauni ali ndi mawu awiri amene amawakonda kwambiri: "ni virus" ndi "tifomate". Ine ndatopa nawo.

Pa wailesi pomwe ndimathandiza tili ndi kompyuta yakale yosungira mapulogalamu. Muli mawu a agogo amene tinacheza nawo, ena anamwalira kale. Mapoti a SATA pa motherboard atadzaza, tinagula kakhadi kotchipa ka mapoti anayi, pabokosi atalemba 6 Gb/s ndi zilembo zikuluzikulu. Kuyambira tsiku lomwelo, kukopera mafayilo kunasanduka ntchito ya usiku wonse. Wokonza amene tinaitana sanayeze chilichonse. Anangoti, "Bakamba, disk yasila, tifomate olo mugule ina." Zaka zonsezo za mawu a anthu, iye amafuna kufufuta chifukwa chongoganizira chabe.

Disk inalibe mlandu. Nambala ya pabokosi ija ikunena za poti imodzi, osati za msewu umene khadi yonse imadutsamo polowa mu kompyuta. Makhadi ambiri otchipa amalowa pa kasiloti kafupi ka PCIe x1. Ngati ndi PCIe 2.0, msewuwo sumapitirira 500 MB pa sekondi. Pa motherboard yakale ya PCIe 1.0 ndi 250 chabe. Manje disk imodzi yozungulira ya 7200 rpm imatha kukoka 150 mpaka 200. Ikani zinayi zigwire ntchito nthawi imodzi, muone mmene zikanganirane ngati maminibasi potuluka pa siteshoni m'mawa.

Chinyengo china chili pa chipu. ASMedia ASM1061, imene ili pa makhadi ambiri otere, ili ndi mapoti awiri okha. Mukaona khadi ya chipu imeneyi ili ndi mapoti ambiri, dziwani kuti anawonjezera port multiplier, monga JMicron JMB575, yogawa poti imodzi kwa madisk mpaka asanu. Wogulitsa sadzakuuzani zimenezi, mwina naye sadziwa. Ndipo ngati khadi yanu ndi ya siloti yakale ya PCI, pali 133 MB pa sekondi yogawana ndi makhadi ena onse a PCI, ngakhale ya saundi. Kwa ife a wailesi, pamenepo ndiye mawu amayamba kudukaduka.

Kudziwa wolakwa sikufuna ngwee. Chotsani disk pa khadi, ilumikizeni pa motherboard mwachindunji, muyeze liwiro ndi CrystalDiskMark. Ikathamanga, mlandu watha, ndi khadi. Ikapitiriza kuchedwa, tsegulani CrystalDiskInfo, nayonso yaulere. Nambala ya pa mzere wa C7 ikamakwera, sinthani chingwe cha SATA, chinthu chotchipa kuposa zonse mu bokosimo. Mizere ya 05 ndi C5 ikamakwera, pamenepo disk ikudwaladi, ndipo choyamba ndi kukopera mafayilo anu kwina. Kufomata sikuchiritsa chimodzi mwa zitatuzi.

Wina anena kuti si tonse tili ndi ndalama ya khadi yodula. Zoona, ngakhale ife tilibe. Sindikunena kuti kakhadi kotchipa mukataye. Kwa madisk awiri osungira zinthu zimene simutsegula tsiku lililonse, kamagwira bwino. Chimene ndikukana ndi kulipira munthu amene sanatsegule pulogalamu yoyezera ngakhale imodzi, kenako akutenga disk yanu "yakufa" kuti akakutayireni. Disk ngati imeneyo mukhoza kukaipeza pa shelefu mawa lake, ili ndi mtengo.

Wokonza akakuuzani kuti mufomate, mufunseni akuonetseni nambala pa sikirini. Akakwiya, nyamulani kompyuta yanu.

Ife tinabweza madisk awiri ogwira ntchito tsiku ndi tsiku pa motherboard, pa khadi tinasiya awiri a mapulogalamu akale. Sitinagule kanthu kupatula chingwe chimodzi.